Khomo Lachisanu ndi Chiwiri

MUTU 3

1. Lamba wachikasu

Pasukulu yaikulu ngati imeneyi munthu amatha kusochera dzuwa likuswa mtengo. Inali sukulu ya boma ya ana zikwi zitatu, ena olowa m'mawa, ena olowa masana. Magulu awiriwa akamasinthana pageti, ngakhale a hedi ankayamba aima pambali kuopa kupondedwa. Aphunzitsi analipo ambiri moti ena sankadziwana n'komwe.

Koma panali mtsikana mmodzi amene sakanasochera ngakhale mukanamumanga m'maso. Anzake ankamutcha Mapu. Anakulira m'kanyumba ka kuseri kwa holo, chifukwa bambo ake ndiwo ankasunga makiyi a sukulu yonse, kutsekula m'mawa, kutseka madzulo ndi kukonza mipope ikamadontha. Aliyense ankangowatcha a Makiyi. Mapu anaphunzirira kuyenda m'makonde a sukuluyi. Ankadziwa chitseko chofuna kukankha ndi bondo, windo losatsekeka, ndi ngodya imene anyamata a Fomu 2 amabisalako belu likalira.

Chaka chilichonse sukulu inkaitana makolo a ana atsopano kuti adzaone maphunziro amene alipo, kenako alembetse ana awo kumene akufuna. Wophunzira mmodzi wa Fomu 4 ankasankhidwa kuti awatsogolere. Ankamuveka lamba wachikasu wodutsa paphewa, iye n'kuwayendetsa makomo khumi, kuyambira ku laibulale mpaka ku holo.

Mapu anayamba kusirira lamba ameneyu asanagululeko ngakhale dzino. Chaka chino anali Fomu 4, ndipo panalibe amene ankakayika kuti lambayo ndi wake. Iye mwini ndiye sankakayika n'komwe.

Lolemba pamzere wa m'mawa, achiwiri kwa a hedi anatchula dzina. Silinali la Mapu. Linali la msuweni wake, mwana wa azakhali ake, amene anali atangokhala pasukulupo miyezi iwiri yokha. Mayi ake atasamutsidwira kutali pantchito, anamusiya kwa amalume ake, ndipo ankagona chipinda chimodzi ndi Mapu. Anali ndi mawu okoma, omveka mpaka kumzere womaliza, moti sabata yoyamba yomweyo anzake anamupatsa dzina loti Wailesi.

Ana onse anaomba m'manja. Mapu naye anaomba, koma mumtima munali mutayaka moto.

2. Mbale zosalakwa

Madzulo a tsikulo mbale za m'nyumba mwa a Makiyi zinaona zakuda. Mapu ankazitsuka ngati akulimbana nazo.

"Iwe, mbalezo zakulakwira chiyani?" anafunsa mayi ake.

"Palibe."

"Palibe ameneyu watupitsa masaya chonchi?"

Mapu anaponya supuni m'beseni. "Amayi, munthu wa miyezi iwiri! Dzana lomweli amandifunsa kuti ofesi ya a hedi ili kuti. Ine zaka zonsezi ndimangosesa masamba eti?"

Mayi ake anapukuta manja, n'kukhala pampando.

"Tamvera kuno mwanawe. Nsanje ndimaidziwa bwino, ndinakhala nayo ine. Sibwera ndi phokoso. Imayamba ndi kuyang'ana m'mbale ya mnzako, kenako chako chomwe chimasiya kukoma. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Sanati kalumo kako kabunthe chifukwa mlendo wabwera. Msuweni wako anapatsidwa pakamwa, iwe unapatsidwa mutu wosunga zinthu. Kodi sukulu yonseyi yachepa kuti nonse awiri mukwanemo? Chinanso ndikuuze. Mwala woponyera munthu wa m'nyumba mwako momwe sudziwa pogwera. Umalinga uyu, n'kukaswa chipumi cha wina amene sunamuganizire. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

Anamvadi, koma ndi makutu okha.

Ali pomwepo Wailesi analowa, kope latsopano lili m'manja, nkhope ili ndi mantha enieni.

"Msuweni, ndipulumutse," anatero. "Ine pasukulu pano ndimadziwa njira zitatu basi: ya ku kalasi, ya ku labu ndi ya kuchimbudzi. Ndinawauza kuti asankhe iweyo, akuti akufuna mawu. Ndilembereko zonse, ndiloweza."

Mapu ankafuna kukana. Koma munthu wodziwa zinthu kum'pempha kuti aonetse kudziwa kwake n'kumukanda poyabwa. Anatenga kopelo, ndipo kwa masiku atatu analemba khomo lililonse patsamba lakelake, n'kumaika nambala pangodya. Anaikamo ngakhale nthabwala zake zimene ankazisunga kuti adzanene yekha.

3. Mawu a a Utuchi

Lachinayi, Mapu akuchokera ku kalasi, anakumana ndi mphunzitsi wa ukalipentala. Anali mkulu wamfupi wa imvi, ndipo tsitsi lake silinkasiyana ndi fumbi la matabwa. N'chifukwa chake ana ankamutcha a Utuchi.

Shedi yawo ndiyo inali khomo lachisanu ndi chiwiri. Inali kutali ndi zinzake, kuseri kwa bwalo la mpira, kupitirira thanki ya madzi. Munthu wosadziwa sakanaiona ali panjira.

"Mwana wa a Makiyi," anamuitana, "ndamva kuti ndiwe ukulembera mnzako zoti akanene. Khomo langa ulilembe bwino. Chaka chino zinthu zavuta. A hedi andiuza poyera kuti mayina a ana atsopano akapanda kukwana makumi awiri Loweruka lino, shedi aitseka, aisandutsa mosungira madesiki othyoka. Kalasi ya akuluakulu ya Loweruka masana nayo ithera pomwepo."

"Ndalemba kale, aphunzitsi."

"Wachita bwino. Makolo a masiku ano onse amafuna mwana wa jekete loyera kapena wa pakompyuta. Si zoipa. Koma dokotalayo adzagona pa chiyani? Wa kompyutayo adzaiika pansi? Ine ndaphunzitsa ana amene masamu anawakana, lero akudyetsa mabanja ndi sowo ndi nyundo. Kholo silikhulupirira za kumva, limakhulupirira likagwira mpando n'kumva kuti unapangidwa ndi mwana ngati wake. Mungowafikitsa pakhomo panga, zinazo ndichita ndekha. Ndipo mwana wanga, ntchito imene wapatsidwa, kaya ndi yapatsogolo kaya ndi yakumbuyo, uziigwira ngati kuti dzina lako lalembedwapo. Thabwa lobisika pansi pa tebulo likakhala lowola, tebulo lonse limagwa."

Mapu anagwedeza mutu mwaulemu. Koma atafika kunyumba anapeza Wailesi ataima pagalasi, lamba wachikasu ali paphewa, mayi ake a Mapu akumukonzera kolala.

"Wakukhala bwanji!" ankatero mayiwo.

Mawu awiri okhawo anafufuta zonse zimene a Utuchi ananena. Wailesi atapita kukasamba, Mapu anatsekula kope lija, limene msuweni wakeyo anali asanayambe kuliloweza, n'kung'amba tsamba lachisanu ndi chiwiri bwinobwino, osasiya kachidutswa. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la siketi yake ya yunifolomu.

Nzeru yake inali yakuti achiwiri kwa a hedi, amene amayenda limodzi ndi alendo, adzaona kuti mtsogoleri wadumpha khomo. Adzamudzudzula pamaso pa anthu, n'kufunsa kuti, kodi pano palibe wodziwa njira? Pamenepo Mapu adzatulukira. Makolo adzafikabe ku shedi, koma wowafikitsa adzakhala iye. Nsanje imadziwa kukonza mapulani okoma chonchi.

4. Makomo

Loweruka m'mawa makolo anadzaza pageti, ena atagwira ana awo padzanja, ena atanyamula maambulera. Wailesi anali patsogolo ndi lamba wake. Mapu anapatsidwa ntchito yoyenda pambali pake atanyamula chikwangwani cholembedwa kuti TITSATENI.

Khomo loyamba linali laibulale. "Muno muli mabuku oposa ana onse a pasukulu pano," anatero Wailesi, "ndipo ndi malo okhawo amene ana anu amakhala chete popanda kuwakalipira."

Makolo anaseka. Nthabwalayo inali ya Mapu.

Khomo lachiwiri linali la malabu atatu a sayansi, kumene mtsikana wa Fomu 3 anasandutsa madzi oyera kukhala ofiira, agogo ena n'kubwerera m'mbuyo. Lachitatu linali chipinda cha makompyuta. Lachinayi linali la maphunziro a zamalonda, kumene ana amayendetsa okha kasitolo ka makope ndi zolembera. Wailesi anafotokoza kuti mwana aliyense amaphunzira masamu ndi zilankhulo, koma amasankhanso njira imodzi yoti aitsate mpaka Fomu 4. Sanaphonye liwu ngakhale limodzi.

Atatuluka khomo lachinayi, mnyamata wina anabwera chothamanga kudzanena kuti chimkuzamawu cha ku holo chakana kulira. Achiwiri kwa a hedi anayang'ana Wailesi, namwetulira.

"Apa palibe chodetsa nkhawa. Pitirizani, tikumana ku holo."

Anapita. Munthu amene Mapu ankadalira kuti aone cholakwacho anapita, ndipo mapulani onse anatsala opanda mwendo.

Khomo lachisanu linali chipinda cha ana osaona, momwe munali makina olembera zilembo zopapasa. Mnyamata wina anawerenga ndi zala ndime yonse, mayi wina n'kupukuta misozi. Lachisanu ndi chimodzi linali munda wa sukulu ndi khola la nkhuku, kwa ophunzira zaulimi.

"Nkhuku izi zimakhoza mayeso tsiku lililonse," anatero Wailesi. "Umboni wake ndi mazira."

Makolo anasekanso. Mayi wina wovala magalasi anamugwira paphewa. "Mwana iwe, unabadwira pompano eti? Sukuluyi ukuidziwa ngati m'thumba mwako."

Mapu anamva ngati wamenyedwa khofi. Iye wobadwira pomwepo anali ataima apo ndi chikwangwani, ngati mtengo wa magetsi.

Anafika pamphambano ya pafupi ndi thanki. Njira ya kumanzere inkapita ku shedi, ya kumanja ku chipinda cha zosoka ndi zophika. Wailesi anakhotera kumanja monga mwa kope lake. Pamenepo bambo wina wamanja okhakhala, amene ananena kuti ndi mmisiri womanga nyumba, anakweza dzanja.

"Pepani mwana wanga. Ndinamva kuti kuno kuli ukalipentala. Mnyamata wangayu ndi zimene akufuna. Tikafikako?"

Makolo ena angapo anavomereza kuti nawonso akufuna kukaona.

Wailesi anadodoma. Za shediyo anali atamvapo, koma anali asanapondeko. Anapendekera kwa Mapu n'kunong'ona, "Msuweni, m'kope mulibe. Ndi kuti?"

Apa ndiye panali pobwerera. Kunali kungoloza kumanzere ndi chikwangwani, nkhani n'kutha. Koma mawu a mayi wa magalasi aja anali akadali kulira m'makutu, ndipo kuloza njira kukanangowonjezera ulemu pa lamba wa wina.

"Lero n'kotseka," Mapu ananong'ona.

Wailesi anatembenuka ndi mawu ake okoma aja. "Pepani makolo, ku ukalipentala lero n'kotseka. Tiyeni kuno."

Mmisiri uja anapukusa mutu. "Malo otseka tsiku la alendo ndiye kuti kulibe zolongosoka," anauza mnzake. Gulu lonse linakhotera kumanja.

5. Amene ankadikira

Anaona makina osokera, anamva gulu la malipenga ndi ng'oma pakhomo lachisanu ndi chinayi, kenako analowa mu holo. Mmenemo munali matebulo, lililonse ndi pepala lolembapo mayina. Makolo anaunjikana pa sayansi, pa makompyuta ndi pa zamalonda. Mmisiri uja anakalembetsa mwana wake ku zaulimi, mwanayo nkhope ili pansi.

Lamulo la tsikuli linali lakuti mphunzitsi aliyense adikire alendo pakhomo pake. A Utuchi anadikira mpaka anamva chimkuzamawu chikuthokoza makolo chifukwa chobwera. Anathamanga ndi ukalamba wawo womwewo, koma anapeza anthu akutuluka. Papepala lawo panali mayina anayi.

Achiwiri kwa a hedi anaitana Wailesi pambali. Mapu anaona patali chala chikuloza, mutu wa msuweni wake utawerama, kenako lamba akuvulidwa. Zimene ankalakalaka sabata yonse zinachitika, koma sizinakome ngakhale pang'ono. Palibenso amene anafunsa ngati pali wodziwa njira.

Miyendo inamutengera yokha ku shedi. Chitseko chinali chotsekula. Pansi panali posesedwa bwino, zipangizo zitapachikidwa mwadongosolo, mipando ndi timatebulo ta ana titandandalikidwa kukhoma. Pakati pa chipindacho panali desiki yaitali yowala ndi vanishi, ya malo a anthu awiri, ndi madilowa awiri.

Pambali pa desikiyo panaima bambo ake. Anali atavala shati yoyera yositidwa, imene ankaivala pa zinthu zikuluzikulu zokha. Makiyi sanali m'chiuno.

"Ababa, mukutani kuno?"

A Makiyi anaseka mwamanyazi. "Ndimadikira alendo, mwanangu."

A Utuchi analowa pambuyo pake akupuma movutikira, pepala la mayina anayi lili m'manja.

"Sunadziwe?" anatero. "Bambo akowa ndi wophunzira wanga wa Loweruka, chaka chachiwiri tsopano. Inu kunyumba mumati amabwera kudzasesa. Anandiletsa kunena, ankati muone kaye ntchito ya manja awo. Chatsala chaka chimodzi kuti alandire satifiketi. Lero ndiwo amayenera kulankhula kwa makolo. Akhala akuyeserera mawu awo mwezi wathunthu, ine ndi mipandoyi ndife tinali omvera."

"Ndinasiya sukulu ndili wamng'ono," anatero bambo ake, akusisita desikiyo ndi chikhatho. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikutsekulira ana a eni makomo a maphunziro. Ndinati nanenso ndilowepo pakhomo limodzi. Desikiyi ndi yanu, iwe ndi msuweni wako, muziwerengerapo mayeso. Ndimafuna muione anthu ali pomwepo."

Mapu anayang'ana madilowa awiri aja. M'thumba la siketi, pepala lopinda kanayi lija linkamukanda pantchafu.

6. Desiki ya anthu awiri

A Makiyi ananyamula desikiyo pamutu kudutsa bwalo la mpira, shati yoyera ikuda ndi thukuta. Anaiika m'chipinda cha atsikanawo, pansi pa windo. Mayi anaiyang'ana, nayang'ana amuna awo.

Wailesi anafika dzuwa likupendeka, maso ali ofiira. Anagwada pafupi ndi amalume ake.

"Amalume, ndakulakwirani. Sindimadziwa."

"Dzuka mwanangu," anatero a Makiyi. "Ndani angakuimbe mlandu? Sukulu iyi ndi yaikulu, ngakhale aphunzitsi amasochera. Iwe wa miyezi iwiri unayesetsa. Munthu wolakwa chifukwa chosadziwa timamuonetsa njira, sitimutema. Woopsa ndi amene amadziwa njira n'kukhala chete, koma mwamwayi m'nyumba muno mulibe wotero."

Mayi anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana Mapu. Mapu anayang'ana zala za kumapazi.

"A hedi akuti Lolemba m'mawa ukafotokoze chimene chinachitika, ndi kumene unamva zoti shedi ndi yotseka," anapitiriza bambowo. "Akamva bwino, mwina alola kuti makolo aitanidwenso. Akaona kuti ndi chibwana chabe cha ana, nkhani yatha, shedi atseka. Tsono iwe Mapu, upite naye. Palibe amene amadziwa sukulu ino kuposa iwe. Ukamuthandize kufotokoza pamene panasokonekera."

"Chabwino, ababa."

Makolowo atatuluka, m'chipindamo munatsala atsikana awiri ndi fungo la vanishi. Wailesi anakoka mpando n'kukhala mbali imodzi ya desiki. Anatulutsa kope lija, n'kulitsekula pakati. Anaika chala pangodya ya tsamba pamene panalembedwa 6. Anatembenuza tsambalo, n'kuikanso chala pangodya ya lotsatira. Panali 8, m'zilembo zokongola za Mapu mwini.

"Ndinaziona titatuluka mu holo," anatero motsitsa, mawu a pawailesi aja atatheratu. "Achiwiri kwa a hedi anandifunsa katatu kuti anakuuza ndani kuti n'kotseka. Sindinawauze."

Mapu anayang'anitsitsa nambala ya pangodyayo.

"Lolemba sindinama, msuweni. Koma sindikufunanso kuti amalume amve dzina lako kuchokera pakamwa panga."

Anakankhira kopelo mbali inayo ya desiki, pamalo amene a Makiyi anapangira mwana wawo. Kunja kunamveka kulira kwa makiyi, bambo akupita kukatseka makomo a sukulu monga mwa masiku onse. Mapu anapisa dzanja m'thumba n'kugwira pepala lija. Kuti Lolemba lifike panatsala tsiku limodzi lokha, ndipo bambo ake anali asanafike patali.